Gitala imodzi ya lead: Strat, Les Paul, Ibanez kapena Pacifica?

Lead wa ku Chilomoni:
Akuluakulu a pagulu pano, ndithandizeni maganizo. Bandi yathu imaimba kutchalitchi ndi m'maukwati, ndipo ndalama zilipo za gitala imodzi yokha ya lead. Timaimba kwambiri sebene, rege, nyimbo zopembedza zapang'onopang'ono, mwa apo ndi apo solo ya overdrive. Zapezeka zinayi, zonse zakale: Squier Stratocaster (Strat) ya ma single-coil atatu, Epiphone Les Paul, Ibanez RG ya bridge yamtundu wa Floyd Rose, ndi Yamaha Pacifica 112V. Ena akuti Les Paul ndiyo ya lead, Strat ndi ya rhythm. N'zoona zimenezi? Ampu ndi yaing'ono ya ma watt 40, nthawi zina timalowetsa pa mikisa. Magetsi kawirikawiri amakhala a jenereta.

Fundi wa Magitala:
Achimwene, zoti iyi ndi ya lead, iyo ndi ya rhythm, zichotseni m'mutu. Zonse zinayi zimaimba lead. Funso n'lakuti lead yake ndi yotani, ndipo poti mwayamba kutchula sebene, tiyambire pomwepo.

Sebene imaimbidwa kumtunda, kuyambira fret 12 mpaka cha pa 19 (ma fret ndi tizitsulo topingasa pa khosi la gitala), pa mawaya atatu ang'onoang'ono, nthawi zambiri awiriawiri, mothamanga komanso popanda distortion. Noti iliyonse iyenera kumveka payokha n'kuzima msanga kuti inzake ilowe. Mvetserani Diblo Dibala, woimba gitala wa ku Congo, mumva zomwe ndikunena. Single-coil, yomwe ndi pickup (kachipangizo ka maginito kotola kulira kwa mawaya) ya coil imodzi, imachita zimenezi mosavuta chifukwa imatulutsa treble yambiri. Humbucker, pickup ya pa Les Paul, ili ndi ma coil awiri olumikizidwa motsatizana, ndiye imatulutsa mphamvu zambiri ndi ma mid onenepa, koma treble imatsika. Pa solo yapang'onopang'ono zimakoma. Pa sebene yothamanga, kiyibodi ilinso pomwepo, manoti amaphatikizana.

Chachiwiri ndi kutalika kwa waya kuchokera pa nut (potsamira mawaya kumutu) kufika pa bridge (potsamira mawaya pathupi). Squier, Pacifica ndi RG ndi mainchesi 25.5 (648 mm). Les Paul ndi 24.75 (628 mm). Mawaya a saizi yomweyo amakhala okungika kwambiri pa yaitaliyo, n'chifukwa chake noti imatuluka yakuthwa. Pa Les Paul amakhala ofewerapo, bend imapepuka, koma ma fret akumtunda amathinana. Onjezeraninso kuti khosi la Les Paul limalowa m'thupi pa fret 16, malo olowetsa dzanja ndi a mbali imodzi, ndipo pamenepo m'ponenepa. Sebene yanu imakhala pomwepo. Kulemera kwake nako kumafika makilogalamu 4 kapena kupitirira, ndipo ukwati si wa ola limodzi.

Pa zinayizi tengani Pacifica. Ili ndi single-coil ziwiri ndi humbucker ku bridge. Switch yosankhira ma pickup ili ndi malo asanu: pa malo achinayi (neck ndi middle) mumapeza sebene ndi skank ya rege, pa malo oyamba mumapeza humbucker ya overdrive. Mukakoka knob ya tone, humbucker ija imagawika n'kutsala coil imodzi.

Rasta wa pa Fret 12:
Madala Fundi, pa sebene sindikutsutsani, koma Les Paul mwaiponda mopitirira. Lead ya rege sifuna kuthamanga. Pali mbali ziwiri: ina imatsatira besi noti kwa noti, chikhatho chitagona pa mawaya pafupi ndi bridge, ina ndi ya bend zazitali ndi wah. Zonsezi humbucker ya ku neck imazitulutsa bwino kuposa Squier, yomwe pa ampu yaing'ono ya transistor imalasa m'makutu. Nyimbo zopembedza zija zokweza volume pang'onopang'ono zimafuna noti yokhalitsa, ndipo khosi lomatidwa ndi guluu, lomwe Les Paul zambiri zili nalo, komanso bridge yosayenda zimathandizapo.

Ngati Epiphone ndiyo ili bwino pa zinayizo, itha kuwongoleredwa. Tsitsani ma pickup: dinani waya pa fret yomaliza, musiye mpata wa 2.5 mm mpaka 3 mm pakati pa waya ndi pickup. Ikani switch pakati, volume ya neck pa 7, ya bridge pa 10. Pa ampu bass ikhale pa 3, mid pa 5, treble pa 7. Ngati treble ikuthawa mukatsitsa volume, fundi aikepo treble bleed, capacitor ya 0.001 µF ndi resistor ya 150k pa miyendo iwiri ya volume. Onaninso kuti ma pot, tizipangizo ta pansi pa ma knob a volume ndi tone, ndi a 500k. Magitala akale ena anawaika a 250k, omwe ndi a single-coil, ndiye gitala imamveka ngati yafunditsidwa bulangete.

Fundi wa Magitala:
Zoona, a Rasta, ifika pafupi. Koma kumtunda kwa khosi kuja sikusintha ndi screwdriver.

Mayi wa pa Mikisa:
Abale, palibe wakamba za jenereta, pomwe ndi pamene single-coil imachititsa manyazi. Magetsi athu ndi a 230V pa 50 Hz, ndipo single-coil imatola phokoso la magetsiwo, makamaka pafupi ndi ma transformer, ma dimmer ndi magetsi okongoletsa holo. Mukayatsa overdrive, phokosolo limakula limodzi ndi gitala. Humbucker, yomwe kampani ya Gibson inayamba kuiika pa Les Paul mu 1957, anaipangira vuto lomweli: ma coil awiri otembenuzana amafafaniza phokoso.

Pa Strat, malo achiwiri ndi achinayi amakhala chete ngati pickup yapakati ndi yotembenuzidwa, ndipo zambiri zamasiku ano zili choncho. Yesani pogula: kwezani ampu, musakhudze mawaya, yendetsani switch. Phokoso litsike pa 2 ndi 4. Malo oyamba a Squier, single-coil ya ku bridge, ndiwo aphokoso komanso owonda pa overdrive. Apa ndi pomwe Pacifica ikuiposera.

Zina zoti mudziwe. Phokoso likamatsika mukakhudza mawaya, ground ili bwino, chofunika ndi kumata tepi ya kopa m'mabowo a ma pickup ndi ma pot, n'kuilumikiza kumbuyo kwa pot ya volume. Likamakwera mukakhudza, mawaya a pa jack anawatembenuza, kapena ground ya ku bridge yaduka. Kebulo isapitirire mamita 6, yaitali imadya treble. Ma pedal ambiri amafuna 9V DC, negative pakati, ndipo ka adaputa kotchipa kamabweretsa phokoso lakelake. Polowa pa mikisa dutsani pa DI box, kabokosi kolumikizira gitala ku mikisa, ikalira dinani batani lake la ground lift. Koma chonde, mwendo wa earth pa pulagi ya ampu musaudule. Amene amatero ndi omwe amagwidwa shoko pamilomo akayandikira maiki atagwira gitala.

Gitala yolowa pa mikisa popanda ampu kapena cabinet simulator: clean ipiririka, koma overdrive imakanda. Ndi bwino kuika maiki pa sipika ya ampu, pambali pang'ono pa pakati. Pa channel dulani zonse za pansi pa 100 Hz, mumusiyire wa besi.

Lead wa ku Chilomoni:
Zikomo amayi, zikomo madala. Nanga Ibanez bwanji palibe akuikamba? Khosi lake ndi lopyapyala, ma fret 24, ndimaona ngati ndiyo yothamangira.

Shredder wa ku Kitwe:
Yothamangira ndi yomweyo, akulu. Fretboard yake ndi yophwatalala, radius ya 400 mm poyerekeza ndi mainchesi 9.5 a Squier zambiri, ndiye action (mpata wa pakati pa mawaya ndi ma fret) imatsika kwambiri popanda bend kutsamwa. Pa rock ndi metal palibe mkangano. Vuto ndi bridge. Imayandama pakati pa mawaya ndi ma spring, ndiye waya umodzi ukaduka, asanu otsalawo amakwera onse ndipo nyimbo yathera pomwepo. Kusintha waya kumafuna Allen key ndi kudula kampira kakumapeto. Mukachita bend pa waya umodzi, unzake umatsika pang'ono, zomwe zimaononga manoti awiriawiri a sebene. Pa RG zotchipa zakale, mipeni yomwe bridge imatsamirapo poyenda imakhala itatha, moti mukagwiritsa ntchito bar sibwerera pamalo pake. Zipangizo zake sizipezeka wamba. Bandi ya gitala imodzi yopanda ina yosinthira isagule imeneyi, pokhapokha mutatsekereza bridge ndi kathabwa kumbuyo, ndiye mwalipira chinthu chomwe simuchigwiritsa ntchito.

Fundi wa Magitala:
Ndipo kuthamanga kumachokera ku setup, osati dzina la pa mutu wa gitala. Mukatenga Pacifica kapena Squier, chitani izi motsatana, osadumpha.

Mawaya atsopano kaye, .009–.042 ngati mumachita bend zambiri, .010–.046 ngati dzanja lanu ndi lolemera ndipo mumadula waya woyamba. Tsegulani kumbuyo kwa gitala. Pamakhala ma spring atatu, malo alipo a asanu. Onjezerani kapena mangitsani ma screw awiri a claw (kachitsulo kogwira ma spring) mpaka bridge itagona pathupi, kuti waya ukaduka ena asasunthe.

Kenako khosi. Ikani capo pa fret 1, dinani waya waukulu pa fret yomaliza, yang'anani mpata pa fret 8. Ukhale pafupifupi 0.25 mm. Ukachuluka mangitsani truss rod (chitsulo cha mkati mwa khosi), ukasowa masulani, kotala ya kuzungulira kamodzi basi, tchunani, yezaninso. Ikalimba osaikakamiza, ikathyoka khosi latha. Action pa fret 17 ikhale cha pa 1.6 mm, yokwerapo pang'ono kwa mawaya aakulu. Ma single-coil akhale 2 mm mpaka 2.4 mm pansi pa waya mutadina fret yomaliza. Mukawakweza kwambiri maginito amakoka waya, ndipo manoti akumtunda amamveka ngati akugwedezeka, osatchunika.

Pomaliza intonation, kutanthauza kutchunika kwa manoti pa khosi lonse, yomwe kwa woimba sebene ndi nkhani yaikulu. Tchunani waya, dinani pa fret 12, yang'anani tuner. Noti ikakwera, bwezani saddle (kotsamira waya pa bridge) kumbuyo kutali ndi khosi. Ikatsika, isunthireni kutsogolo. Gitala yosachitidwa izi imamveka bwino pa ma chord apansi, koma pa fret 15 imakangana ndi kiyibodi, anthu n'kumanena kuti si ya lead.

Mwana wa Rumba:
Kuonjezerapo pang'ono. Theka la kamvekedwe ka sebene lili mu delay. Gawani 60,000 ndi BPM (kugunda pa mphindi) ya nyimbo. Pa 120 BPM mupeza 500 ms, theka lake 250 ms, dotted eighth 375 ms. Yambani ndi 250, kubwereza kawiri kapena katatu, mix yotsika. Compressor patsogolo, chorus pang'ono, reverb yochepa chifukwa tchalitchi chamalata chili nayo kale yake. Ndipo musasokonezeke ndi kamvekedwe konyezimira ka rhythm ya ku Congo. Ambiri amaimba mi-composé, monga ankachitira Lokassa ya Mbongo: waya wachinayi wa D amauchotsa n'kuikapo wopyapyala, wotchunidwa octave imodzi pamwamba. Zimenezo ndi za wa rhythm, musazichite pa gitala yanu ya lead.

Lead wa ku Chilomoni:
Ndamva, akuluakulu. Tipita kukaona Pacifica. Tikayang'ane chiyani tisanapereke ndalama?

Fundi wa Magitala:
Tengani kebulo yanu ndi tuner. Yang'anani khosi kuchokera ku mutu ngati silinapotoke, chifukwa lopindika limawongoka ndi truss rod koma lopotoka ayi. Imbani fret iliyonse pa waya uliwonse, ndipo chitani bend ya toni yathunthu pa waya woyamba ndi wachiwiri kuyambira fret 12 mpaka 20. Noti ikafa pakati pa bend, pali fret yotukuka kapena yodyeka. Gogodani pickup iliyonse ndi screwdriver pa malo onse asanu a switch, kokani knob ya tone mumve ngati coil imodzi yazimadi, gwedezani kebulo pa jack. Switch, jack ndi ma pot n'zosinthika mosavuta, muzingotsitsira nazo mtengo. Truss rod yosazungulira kapena ma fret otha kumtunda, isiyeni, mukatenge Squier ndipo fundi adzakuikireni humbucker ya saizi ya single-coil ku bridge.