Ndinasiya yunivesite nthawi ya Covid, pano ndikufuna kubwerera koma mutu ukukana

Admin chonde mundibisire dzina. Abale anga nkhaniyi ndi yaitaliko mundipirire.

Ndinalowa yunivesite mu 2020, tangophunzira masabata ochepa basi mu March muja bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO nkulengeza kuti Covid yasanduka mliri wa dziko lonse, ife akuti longedzani muzipita kwanu. Tinkayesa za mwezi umodzi. Kenako akuti tiziphunzira pa Zoom, manotsi azibwera pa gulu la WhatsApp. Ine laputopu ndinalibe ndiye tangoganizani kulemba asayimenti ya masamba 10 pa foni, netiweki ikumaduka lekchala ali pakati pofotokoza, ukamalowanso wapeza afika kale mutu wina ndipo sungafunse chifukwa aliyense wazimitsa kamera ali phee. Kosi yanga ndi ya sayansi, mapulakitiko tinkangoonera pa vidiyo.

Koma chinandigwetsa si netiweki ayi. Tulo tinathawa, usiku maso gwa, masana ndikungogona. Anzanga a m'kalasi ndinkangowadziwa ngati manambala a foni, panalibe womuuza kuti aise zandivuta. Mu 2021 bambo anga aang'ono omwe ankandilipirira fizi anamwalira ndi matenda omwewa, semesita imeneyo ndinalephera makosi awiri ndipo ndinalemba kalata yoti ndiyambe ndapuma. Kupuma kwake mpaka lero.

Pano achemwali anga akuti andilipirira ndibwerere. Ndikufuna ndithu koma ndikangotsegula buku mtima umagunda ngati ndikuthamangitsidwa, thukuta m'manja, tsamba limodzi ndimaliwerenga katatu osagwira kanthu. Ndiyambe kulembetsa sukulu kapena ndiyambe ndaonana ndi achipatala? Nanga magiredi a chaka choyamba aja akadali ndi ntchito?

Woyankha 1: Pepani m'bale wanga. Za magiredizo musamve za anthu, pitani kapena lembani imelo ku ofesi ya rejisitala. Sukulu zambiri zili ndi malire a zaka zomwe munthu angakhale atapuma, akadutsa amayambiranso. Kalata yanu ija muitenge.

Woyankha 2: Covid inatha kalekale, anzanu anamaliza ali pa ntchito. Ulesi basi uwu.

Woyankha 3: Akulu inu lankhulani bwino. Mu May 2023 WHO inangonena kuti Covid sikuonedwanso ngati ngozi yadzidzidzi ya dziko lonse, sinanene kuti mitu ya anthu yachira. WHO yomweyo inati m'chaka choyamba cha mliri nkhawa ndi depression (matenda a kukhumudwa kwambiri) zinakwera ndi 25 peresenti padziko lonse, ndipo achinyamata ndi omwe anakhudzidwa kwambiri. Onsewo anali aulesi? Inu wofunsa, kusowa tulo, mtima kugunda, kulephera kuika maganizo pa chinthu chimodzi, zimenezo zimachitika ndi nkhawa komanso chisoni cha maliro chomwe simunachilire bwino, koma wokuuzani zenizeni ndi dokotala osati ife a pa gulu. Zimathandizika. Ndipo ngati maganizo odzipweteka amakufikirani musadikire, uzani achemwali anuwo lero lomwe.

Woyankha 4: Ine ndinabwerera patatha zaka ziwiri. Musadikire kuti muchire kaye ndiye muyambe, ine ndinachita zonse pamodzi, kaunsela wa pasukulu kamodzi pa sabata ndi makosi ochepa semesita yoyamba. Chinandipweteka kwambiri chinali kukhala ndi ana oti ndinawasiya ku sekondale, koma patatha mwezi palibe amene ankasamala za zaka zanga, ankangofuna tigawane manotsi.

Wofunsa: Zikomo nonse, kupatula a nambala 2. Maganizo odzipweteka ndilibe, kungoti achemwali sakudziwa kuti ndinalephera makosi, amadziwa kuti ndinasiya chifukwa cha fizi basi. A nambala 4, zotenga makosi ochepazo munachita kupempha kapena amalola aliyense?