Ndikulephera kupita kwa wodwala watsopano, ndithandizeni anzanga

Gulu la osamalira odwala m'makomo, Kasungu

Nabanda (nesi): Mwaswera bwanji akuluakulu nonse. Pepani ndilemba zambiri, ndasowa pogwira. Ena mukudziwa kuti sabata ziwiri zapitazo tinataya mayi uja wa khansa ya khomo la chiberekero amene ndinkamuyendera cha ku Santhe. Ndinamuyendera miyezi 8. Mofini, mankhwala amphamvu ochepetsa ululu, ndinkamupititsira ndine, ndipo mchemwali wake ndinamuphunzitsa ndekha kumwetsa pa maola anayi aliwonse ndi kusinja metronidazole wothira pabala kuti fungo lichepe. Mwana wake wa chitsiriza, wa Sitandade 2, ankanditchula kuti azakhali. Usiku umene anatisiya, mchemwali wakeyo anandifulasha kawiri cha m'ma 2 koloko. Foni inali pa chaja pabalaza. Ndinaona kutacha, zonse zitatha.

Ku maliro ndinalira mpaka amayi a m'mudzimo anachita kunditulutsa m'siwa atandigwirira mbali ndi mbali, ndili mu yunifolomu.

Vuto langa lero ndi ili. Ndapatsidwa wodwala wina, matenda omwewo, msinkhu womwewo, nayenso ali ndi ana ang'onoang'ono. Ndasintha tsiku lopita kawiri. Ndinangotuma volontiya ndi botolo la mofini. Volontiya wandiuza kuti ululu sunathe, ndipo mayiyo watha masiku asanu osachita chimbudzi. Ndikudziwa kuti ndikuyenera kukamuona ndi maso anga, koma ndikangoti ndikwere njinga mawondo amazizira. Wina wamkulu kuntchito anandiuza kuti ndimazolowerana kwambiri ndi odwala. Ndiye usiku wina ndikuwerenga pafoni ndinapeza kuti Abuda amaphunzitsa kuti mavuto amabwera chifukwa chomatirira pa zinthu ndi pa anthu, ati amene ali ndi okondedwa 100 ali ndi zisoni 100. Zinandilowa. Kodi mwina njira ndi imeneyi, ndiphunzire kusamva kanthu? Ine ndine Mkhristu, sindikusintha mpingo, ndikungofuna ndigwire ntchitoyi osasweka.

Aphiri (kiliniko): Achemwali pepani kwambiri. Za mumtimazo anzathu alankhula, koma ndiyambe ndi wodwalayo. Masiku asanu osachita chimbudzi munthu ali pa mofini si zodikira Lolemba. Mofini amaumitsa m'mimba pafupifupi aliyense, paja timati asamachoke m'manja mwathu popanda bisacodyl, mankhwala othandiza kuchita chimbudzi. Munamupatsira limodzi? Komanso ululu umene volontiya akunenawo mwina mbali ina ndi kudzimbidwako. Pakufunika wina akagwire mimba, afunse ngati akusanza komanso ngati mpweya ukutuluka, tisanaganize zokweza mlingo.

Nabanda: Bisacodyl sindinamupatsire aPhiri. Chinthu chimene sindinaiwalepo chiyambire ntchitoyi.

Mayi Mwale (nesi wamkulu): Mwanawe, ndicho chifukwa chake timati pakhale malire. Ine ndagwira ntchitoyi zaka zoposa 20, ndinayamba nthawi imene ma ARV anali asanafalikire, wodi imodzi kutulutsa maliro atatu usiku umodzi. Ndikanati ndizilira aliyense bwenzi pano kulibe ine. Nambala yanga ya kunyumba sindipereka. Ku maliro a wodwala sindipita, ndimatumiza chipepeso. Ana a wodwala sanditchula azakhali, amanditchula anesi. Abudawo sindiwadziwa, koma ngati akuti usamatirire, akunena zoona. Taona tsopano, chisoni cha amene anapita chikuzunzitsa amene ali moyo.

Agama (mlangizi): Amayi Mwale, mawu anu otsirizawo ndi oona ndipo tisawataye. Koma ndiloleni ndikonze pang'ono za Abudazo, poti Nabanda watola chidutswa chimodzi chokha, ndipo chidutswa chimenecho chikhoza kumuvulaza. Zaka zapitazo ndinagwirapo ntchito ndi dokotala wina wa ku Sri Lanka, Mbuda, ndiye amene anandiyambitsa kuwerenga zimenezi.

Mawu a okondedwa 100 aja alipodi m'malemba awo. Buddha, amene anayambitsa chipembedzo chawo, anawanena kwa mayi wina dzina lake Visakha, mdzukulu wake atamwalira. Sindibisa, ndi mawu olimba. Koma chimene iwo amati ndi muzu wa mavuto amachitcha tanha m'chinenero cha Pali, ndipo tanthauzo lake ndi ludzu. Si chikondi, si chifundo. Ndi ludzu lofuna kuti zinthu zikhale mmene ine ndikufunira, chokoma chisathe, chowawa chisandiyandikire. Ludzulo likakula limabala chimene amati upadana, kukakamira, ndipo mawu omwewo amatanthauzanso nkhuni zimene moto umadya. Chimene amati uchileke ndi kusonkhezera motowo.

Pomwepo amalamula munthu kuti akulitse zinthu zinayi mumtima mwake: metta, kufunira aliyense zabwino, karuna, chifundo, mudita, kukondwera mnzako zikamuyendera, ndi upekkha, mtima wokhazikika. Zitatu mwa zinayizo ndi za mtima wofunda. Mphunzitsi wawo Buddhaghosa, amene analemba ku Sri Lanka m'zaka za m'ma 400, anati chilichonse mwa izi chili ndi mdani wapafupi, wofanana nacho nkhope mpaka kukupusitsa. Mdani wapafupi wa chifundo ndi chisoni chokumiza. Mdani wapafupi wa mtima wokhazikika ndi kusalabadira, kuja munthu amaoneka wodekha chikhalirecho wangotseka maso. Nabanda, iwe unagwa m'dzenje loyambalo, ndipo tsopano ukufunsa ngati ungathawire m'lachiwiri. Abuda eni akewo angakukanize.

Mayi Mwale: Ndiye mukuti ine ndili m'dzenje lachiwirilo, aGama?

Agama: Ayi amayi. Ndinakuonani ndi maso anga mukusambitsa bambo uja wa khansa ya pakhungu ya Kaposi amene abale ake omwe anamuthawa chifukwa cha fungo. Munthu wosalabadira sachita zimenezo. Malire anu akukuthandizani kuti mufike kwa wodwala. Muyeso wake ndi womwewo: kodi zikukufikitsa pa mphasa ya wodwala kapena zikukuchotsapo? Buddha yemweyo, malemba awo amati, anapeza mmonke, mmodzi wa otsatira ake odzipatula, wodwala m'mimba atagona m'zonyansa zake anzake osamusamala. Anatuma Ananda, womutumikira wake, kukatunga madzi, namusambitsa awiriwo, kenako anadzudzula amonke onse kuti amene akufuna kutumikira iye atumikire odwala. Mwini chiphunzitso cha kusakakamira ndi ameneyo.

Abusa Zimba (oyendera odwala): Ndikutsatira mwachidwi. Ine za Abuda ndimangomva kuti ali ndi malo osungira ana amasiye ku Blantyre, Amitofo. Koma ndifunse aGama, kodi kwa iwo kulira ndi tchimo kapena kufooka? Chifukwa kwa ife Yesu analira pa manda a Lazaro, Yohane 11:35, pamene ankadziwa bwino lomwe kuti amuukitsa. Paulo pa Aroma 12:15 akuti tilire nawo akulira. Ndipo pa 1 Atesalonika 4:13 sakuletsa kulira, akuletsa kulira ngati anthu opanda chiyembekezo. Mwana wathu Nabanda sanalakwe kulira m'siwa. Kwathu kuno munthu amene wadya nawo nsima pakhomopo miyezi 8, nkufika pamaliro maso ali gwa, anthu angamudabwe.

Abiti (nesi): Kwa ifenso Asilamu, Mtumiki Muhammad, mtendere ukhale pa iye, anagwetsa misozi mwana wake Ibrahim akumwalira, nati diso limalira, mtima umadandaula, koma sitinena chosakondweretsa Mulungu. Chimene timapewa ndi kubuma ndi kudziguguda. Misozi yokha ndi chifundo.

Agama: Abusa, ndiyankhe mosakometsera. Apa pali kusiyana ndithu. Kwa Abuda, munthu amene wafika pamapeto pa njira yawo salira motaya mtima, ndipo alibe chiyembekezo cha kuuka kwa akufa chimene inu mumatonthoza nacho anthu. Iwo amayang'ana pa mfundo yoti chilichonse chobadwa chimatha. Koma kulira sakutcha tchimo. Buddha ali pafupi kumwalira ku Kushinagar ali ndi zaka 80, Ananda, amene anamutumikira zaka 25, anapita pambali nkumalira atatsamira chitseko. Buddha anamuitanitsa. Anamuuza kuti basi, usalire, paja ndinakuuza kuti tonse tidzasiyana ndi zimene timakonda. Koma sanathere pomwepo, anamuyamikira pamaso pa onse chifukwa cha chikondi chimene anamutumikira nacho. Ndipo ophunzira ake awiri akuluakulu, Sariputta ndi Moggallana, atamwalira, Buddha anayang'ana msonkhano wa amonke nati ukuoneka ngati wopanda anthu. Anaona kuti pachoka anthu, sananamizire.

Nabanda, chimene ndikufuna utenge ndi fanizo lawo la mivi iwiri. Munthu walasidwa muvi, ukumuwawa. Kenako akudzilasanso wachiwiri pa bala lomwelo. Woyambawo sungauthawe: mayi uja wamwalira, unkamukonda, ana atsala. Wachiwiri ndi umene ukudzibaya nawo wekha. Ndawerenga uthenga wako katatu, ndipo ndikuona kuti muviwo uli pa foni inali pa chaja ija. Ndikunama?

Nabanda: Simukunama aGama. Usiku uliwonse ndimadzidzimuka nthawi yomwe ija. Ndimangoti ndikanayankha.

Aphiri: Ukanayankha ukanatani achemwali? Tiyeni tiyang'ane ngati ogwira ntchito. 2 koloko usiku, mvula ili mkati, msewu wa kumeneko woterera chonchija, kabaza palibe. Ndinaona nawo fayilo yake. Impso zinali zitayamba kale kufooka, monga zimachitikira khansa imeneyi ikatseka njira za mkodzo. Sabata yotsirizayo anali atasiya kudya. Mofini analipo m'nyumba, womwetsa unamuphunzitsa ndiwe. Anafunsidwa mchemwali wakeyo kuti ankakufulashiranji?

Nabanda: Sindinamufunse. Ndimaopa.

Mayi Mwale: Ndinamufunsa ine, anabwera kudzabweza botolo lotsala Lachiwiri. Akuti ankafuna kukuuza kuti mpweya wasintha monga unawafotokozera, ndipo anachita zimene unawauza: anamugoneka cham'mbali, anamunyowetsa milomo, anaitana ana ndi amayi ake. Mayiyo anapita mwakachetechete onse ali pomwepo. Ndikanakuuza kale mwanawe, koma sindinadziwe kuti nkhani yagona pamenepa. Pepa.

Nabanda: Amayi zikomo. Ndikulira pano koma kulira kwina.

Abusa Zimba: Lira mwanangu. Paja maliro n'kulirana.

Agama: Abusa mwandikumbutsa nkhani ya Kisa Gotami, mayi amene mwana wake mmodzi yekhayo atamwalira ankayenda ndi mtembo kufuna mankhwala. Buddha sanamulalikire. Anamutuma kukapempha njere za mpiru kunyumba imene sikunagwepo maliro. Khomo lililonse mpiru unalipo, koma nyumba yotero panalibe. Chinamuchiza ndi kumva maliro a anzake khomo ndi khomo. Ife pagulu pano timakambirana milingo ya mankhwala ndi mafuta a njinga, koma za odwala amene atichokera aliyense amasenza yekha. Cicely Saunders, amene anatsegula St Christopher's, malo osamalira odwala matenda osachiritsika, ku London mu 1967, anatiphunzitsa kuti ululu wa wodwala uli m'thupi, m'maganizo, m'banja ndi mu uzimu. Timaloweza zimenezi pa maphunziro, nkuiwala kuti wosamalirayo alinso ndi zinayi zomwezo.

Kanthu kena kakang'ono, Nabanda, kamene dokotala uja ankachita ndipo sikafuna kuti usinthe mpingo. Asanalowe kwa wodwala ankaima pakhomo, nkupuma katatu pang'onopang'ono, nkutchula chamumtima chimene akumva: awa ndi mantha, ichi ndi chisoni. Osachithamangitsa, osachitsatira. Kenako nkulowa nacho. Mawondo akazizira mawa, usadikire kuti ayambe afunda.

Mayi Mwale: Za kupumazo chitani, sindikutsutsa. Koma pa foni sindisuntha. Nambala ya munthu mmodzi singakhale chipatala cha usiku. Tili ndi foni yakale ija mu ofesi, tiikemo laini, izizungulira sabata ndi sabata, odwazika onse apatsidwe imeneyo. Amene ali nayo sabata imeneyo agone nayo kumutu, enafe tigone tulo. Mayunitsi tisonkherana mpaka tipeze pena potapa.

Abiti: Ndikuvomereza. Ine ndiyamba sabata ino. Za maliro bwanji, tizipita kapena ayi?

Mayi Mwale: Ine sindizipita, mtima wanga ndimaudziwa. Wofuna apite, koma asapite yekha, ndipo avale chitenje, yunifolomu aisiye.

Abusa Zimba: Ine ndimapita kale, ndiziperekeza amene akufuna. Ndipemphenso kuti Lachisanu lomaliza la mwezi, tikatha malipoti, tikhale theka la ola titchule amene atisiya mwezi umenewo. Aliyense apemphere mwa chipembedzo chake kapena angokhala chete. AGama atsogolere.

Agama: Ndavomera. Koma woyamba kutsogolera akhale amayi Mwale, ali ndi maina a zaka 20 amene sanatiuzepo.

Mayi Mwale: Tiona. Nabanda, mawa 7 koloko undipeze pa ofesi, tipitira limodzi. Ine ndikakhala panja ndi odwazika, wodwala ukamuona ndiwe. Utenge bisacodyl ndi magolovesi, mwina pakafunika kupima kumbuyo.

Aphiri: Mukapeza mimba yatupa, akusanza ndipo mpweya sukutuluka, bisacodyl musapereke, mundiimbire pomwepo tione za galimoto. Ngati ndi kudzimbidwa chabe, yambitsani, ndipo ululu muuyese kaye musanakhudze mlingo wa mofini.

Nabanda (tsiku lotsatira): Tabwerako. Ndinaima pakhomo monga munanenera aGama, mantha analipo ndithu, ndinalowa nawo choncho. Mimba ndi yofewa, sakusanza, mpweya ukutuluka, ndi kudzimbidwa. Tayambitsa bisacodyl, ndipo tapeza kuti odwazika amadumphitsa mofini wa usiku poopa kuti amupha, ndiye amayi Mwale akhala nawo pansi mpaka amvetsa. Mlingo sitinasinthe. Nambala tawapatsa ya foni ya gulu. Mayiyo anandifunsa chifukwa chimene ndinachedwera kubwera, ndinamupepesa, ndamuuza kuti ndibweranso Lolemba. Abusa, Loweruka ngati muli ndi mpata mundiperekeze ku Santhe, ndikufuna ndikaone ana aja ndi kuthokoza mchemwali wa malemu.

Abusa Zimba: Mpata ulipo mwanangu. Tinyamuke m'mawa mvula isanayambe.