Ndikonzekere bwanji opaleshoni yobereka?

Amayi anzanga, ndigawireniko nzeru. Kusikelo andiuza kuti mwana wakhala chopingasa, ndiye adokotala akuti ndidzachira pa opaleshoni mimba ikakwana masabata 39. Ana enawa ndinabereka bwinobwino, choncho mantha andigwira, makamaka ndi jakisoni wa pamsana uja.

Zitenje, beseni ndi mapadi ndasonkhanitsa kale. Chinanso n'chiyani chimene ambiri amaiwala?

Koma nkhawa yanga yaikulu ili kunyumba. Apongozi akuti adzandimanga m'mimba ndi chitenje monga mwa nthawi zonse, kodi sizingavulaze bala? Madzi timatunga pamjigo, pamene anamwino akuti ndisasenze cholemera kwa masabata 6, ndipo bambo a kunyumba amalawirira kuntchito. Inu munkatani? Nanga poyamwitsa munkamugwira bwanji mwana kuti asamaponde pabala?