gcc ikungokhala chete pa laputopu yatsopano, fayilo ya exe sikutuluka

Mlembi wa ku Limbuli:
Akuluakulu, mwaswera bwanji nonse. Ndithandizeni, nthawi yandithera. Ena mukudziwa kuti ndine mlembi wa gulu la alimi ang'onoang'ono a tiyi kuno ku Limbuli. Ndili ndi kapulogalamu kolembedwa m'chiyankhulo cha makompyuta cha C komwe kamaphatikiza makilogalamu a masamba omwe mlimi aliyense wabweretsa pa sikelo, kuchotsapo ngongole ya feteleza, n'kutulutsa ndalama zoti alandire. Mtengo wa pa kilogalamu wasintha, ndiye ndiyenera kusintha nambalayo n'kupanganso compile (kusandutsa code kukhala fayilo ya exe yomwe kompyuta ingayendetse) lisanafike Lachisanu, pomwe komiti ikufuna mndandanda. Nyengo ya mvula ino masamba achuluka, zowerengera pamanja sizingatheke.

Laputopu yakale inapsa bodi, gulu lagula yatsopano ya Windows 11. Ndaika MSYS2, pulogalamu yobweretsa gcc (compiler ya C) pa Windows, ndalemba pacman -S mingw-w64-ucrt-x86_64-gcc, zonse zalowa bwinobwino. Ndaonjezera C:\msys64\ucrt64\bin pa Path, mndandanda wa mafoda omwe Windows imafunamo mapulogalamu. Ndikalemba gcc --version mu cmd ikuyankha. Koma ndikalemba gcc malipiro.c -o malipiro.exe ikungodumphira pa mzere wotsatira osanena kanthu. Error palibe, warning palibe, fayilo ya exe nayo palibe. Ngakhale kapulogalamu kongolemba "moni" pa sikirini kakuchita chimodzimodzi.

Wophunzira wa ku Makwasa:
Bwana, mwina ndi antivirus. Nthawi zina imagwira exe ikangopangidwa kumene. Taonani mu Windows Security, pa Protection history.

Mlembi wa ku Limbuli:
Ndaonamo achimwene, mulibe chilichonse chomwe yagwira.

Wokonza makompyuta wa pa Chitakale:
Akulu, musavutike ndi MSYS2. Ndili ndi Code::Blocks 20.03 pa fulashi, ija dzina la fayilo yake lili ndi mawu oti mingw, yomwe imabwera ndi compiler yakeyake. Kwerani minibasi mawa m'mawa mundipeze pa shopu. Ikakana imeneyo tingoifomata laputopuyo, tiyambirenso.

Aphunzitsi a ku Luchenza:
Zofomata ayi. Laputopu yangochoka m'katoni, ndipo mmenemo muli kale zolemba za alimi. Tisanagwetse nyumba tiyambe tadziwa pomwe pakudontha. Alembi, mukangolemba lamulo la gcc lija, lembani echo %errorlevel% mutiuze nambala yomwe ituluke. Kenako lembani gcc -v malipiro.c -o malipiro.exe mutitumizire mizere yomalizira.

Mlembi wa ku Limbuli:
Aphunzitsi, nambala yatuluka ndi 1. Ndi -v yalemba zambiri, koma mzere womaliza ukuyamba ndi C:/msys64/ucrt64 n'kukathera ku cc1.exe ndi zina zotsatira. Pansi pake palibenso kanthu.

Achemwali a ku Bvumbwe:
Pamenepo ndiye pali nkhani. Pepani ndalowa mochedwa, kuno magetsi anazima. Ndifotokoze pang'ono kuti enanso atsatire.

gcc.exe si amene amagwira ntchito yeniyeni. Ali ngati kapitawo m'munda wa tiyi: sathyola masamba, amangoitana anthu n'kuwagawira ntchito. Woyamba kuitanidwa ndi cc1.exe, amene amawerenga C yanu n'kuisandutsa assembly. Kenako as.exe amasandutsa assembly kukhala fayilo ya object, pomaliza linker amalumikiza zonse n'kutulutsa exe. Mukalemba gcc --version mukungofunsa kapitawoyo dzina lake, n'chifukwa chake akuyankha. Zikanakhala kuti zili bwino, pambuyo pa mzere wa cc1.exe mukanaona mndandanda wa mafoda omwe akufunamo mafayilo a .h, kenako mzere wa as.exe. Kwa inu cc1.exe akufa asanayambe n'komwe.

Chitani ziwiri izi achimwene. Pa Start tsegulani yolembedwa MSYS2 UCRT64, osati MSYS2 MSYS, mupite ku foda yanu mupange compile kapulogalamu ka "moni" kaja mmenemo. Dziwani kuti mmenemo C:\ imalembedwa /c/. Chachiwiri, mu File Explorer pitani ku C:\msys64\ucrt64\lib\gcc\x86_64-w64-mingw32, mulowe mu foda ya nambala yomwe muipeze, mudine kawiri pa cc1.exe. Akatsegulidwa motero amaonetsa uthenga womwe mu cmd simukuuona.

Mlembi wa ku Limbuli:
Achemwali, mu UCRT64 ka "moni" katheka! Exe yatuluka ndipo ikuyenda. Koma nditadina cc1.exe patuluka kabokosi kolembedwa "The application was unable to start correctly (0xc000007b)".

Wokonza makompyuta wa pa Chitakale:
Nambala imeneyo ndimaiona kawirikawiri pa magemu a ana. Ndi nkhani ya DLL imeneyo, timafayilo tija pulogalamu imadalira kuti iyende.

Achemwali a ku Bvumbwe:
Mwalasa akulu. Kawirikawiri 0xc000007b imatanthauza kuti pulogalamu ya 64-bit yapatsidwa DLL ya 32-bit, kapena mosemphanitsa. Ndipo poti mu UCRT64 zatheka, compiler yanu ilibe vuto lililonse. Chasiyana ndi Path basi. UCRT64 imadzipangira Path yakeyake, imaika mafoda ake patsogolo n'kusiya zambiri za Windows kunja.

cc1.exe amadalira ma DLL angapo, monga libgmp-10.dll, libmpfr-6.dll, libwinpthread-1.dll ndi zlib1.dll. Onsewa amakhala mu ucrt64\bin. Windows ikamafuna DLL imayamba kuyang'ana mu foda momwe muli pulogalamuyo, kenako mafoda a Windows, ndipo ikasowa imatsata Path kuyambira kumutu, n'kutenga fayilo yoyamba yomwe dzina lake lafanana. gcc.exe amakhala mu bin limodzi ndi ma DLL ake, ndiye savutika. cc1.exe amakhala kutali mu lib, kopanda ma DLL, ndiye amadalira Path. Mu cmd lembani where zlib1.dll, kenako where libwinpthread-1.dll, ndi enawo mmodzimmodzi. Tikufuna dzina lomwe lituluke kawiri.

Mlembi wa ku Limbuli:
Enawo atuluka kamodzikamodzi. zlib1.dll watuluka kawiri. Woyamba ali mu C:\Program Files (x86), mu foda ya pulogalamu ya sikelo yathu, ija timakoperera makilogalamu kuchoka pa sikelo kupita pa kompyuta. Anatiikira ndi amene anatigulitsa sikeloyo. Wachiwiri ndiye wa ucrt64\bin.

Koma chikundizunguza n'choti mzere wanga wa MSYS2 ndinaukweza ndi Move Up mpaka unafika pamwamba penipeni. Wa sikeloyu akutsogola bwanji?

Aphunzitsi a ku Luchenza:
Munaukweza m'bokosi liti? Pa Environment Variables pali mabokosi awiri. Lapamwamba ndi User variables, lapansi ndi System variables, ndipo lililonse lili ndi Path yake. Windows imaphatikiza ziwirizo poyamba ndi ya System, ya User imabwera pambuyo. Ndiye ngakhale mukhale woyamba m'bokosi la User, muli kumbuyo kwa aliyense wa m'bokosi la System. Bokosi la User limaoneka pamwamba pa sikirini, n'chifukwa chake ana anga a sukulu ambiri amaganiza kuti ndilo limatsogola. Lembani echo %PATH% muone ndondomeko yeniyeni. Komanso foda ya Program Files (x86) ndi ya mapulogalamu a 32-bit, zomwe zikugwirizana ndi zomwe anena achemwali.

Mlembi wa ku Limbuli:
Ndi momwemo aphunzitsi. Wanga uli mu User, wa sikelo uli mu System.

Wophunzira wa ku Makwasa:
Ndiye angofufuta zlib1.dll wa sikeloyo? Kapena akopere wa MSYS2 aponye mu System32?

Achemwali a ku Bvumbwe:
Ayi ndithu, zonse ziwiri ayi. Akafufuta, pulogalamu ya sikelo isiya kutseguka, ndipo popanda iyo makilogalamu a alimi salowa n'komwe mu kompyuta. Kuponya ma DLL mu System32 ndiye koipa kuposa, chifukwa foda imeneyo imayang'anidwa Path isanafikidwe. MSYS2 ikadzasintha ma DLL ake pa update, wakale uja adzatsalira mmenemo n'kumasokoneza, ndipo palibe adzakumbuke kuti anaikamo ndani. Komanso musatenge ma DLL pa mawebusaiti aja amati tsitsani DLL yosowa. Simudziwa chomwe mwalowetsa pa kompyuta yosunga ndalama za anthu.

Wokonza makompyuta wa pa Chitakale:
Ine ndikanangochotsa mzerewo mu User, n'kuuika mu System, n'kuukweza pamwamba pa wa sikelo. Mphindi ziwiri zatha. Atseke cmd atsegule ina kuti Path yatsopano igwire.

Aphunzitsi a ku Luchenza:
Zimenezo zigwira, sindikukana. Koma dzifunseni chifukwa chomwe a sikelo anaikira foda yawo pa Path. Mwina ali ndi kapulogalamu kena kokhala mu foda ina komwe kamadalira Path kuti kapeze zlib1.dll wa 32-bit. Mukatsogoza wa MSYS2, kameneko kalandira wa 64-bit, ndipo matenda omwewa asamukira ku sikelo, mwina tsiku logula masamba alimi ali pamzere. Pa laputopu yanga ndikanayesa. Pa laputopu ya gulu sabata ya malipiro, ayi.

Alembi, tsegulani Notepad mulembe mizere inayi iyi:

@echo off
set PATH=C:\msys64\ucrt64\bin;%PATH%
gcc -Wall malipiro.c -o malipiro.exe
pause

Musunge ngati panga.bat mu foda momwe muli malipiro.c. Posunga sankhani All files, kuopa kuti ingakhale panga.bat.txt. Lamulo la set limasintha Path ya windo lokhalo, likatsekedwa zonse zimabwerera mwakale, sikelo osakhudzidwa. Chonde musalisokoneze ndi setx. Ilo limalemba zokhazikika, ndipo limadula Path ikapitirira zilembo 1024.

Wokonza makompyuta wa pa Chitakale:
Pa nkhani ya sikeloyo ndagonja aphunzitsi. Ya bat ili bwino.

Mlembi wa ku Limbuli:
Zasintha! Tsopano ikulankhula, koma ikukana ndi uthenga wina: "error: implicit declaration of function 'atoi'". Pa laputopu yakale fayilo yomweyi inkadutsa.

Achemwali a ku Bvumbwe:
Imeneyo ndi nkhani yabwino, zikusonyeza kuti cc1.exe wadzuka ndipo akuwerenga code yanu. Pamwamba pa fayilo onjezerani #include <stdlib.h>, ndi mmene atoi amalengezedwa. Kugwiritsa ntchito function osailengeza kunachotsedwa m'malamulo a C kuyambira C99, koma GCC inkangochenjeza n'kupitirira. Kuyambira GCC 14, yomwe inatuluka mu 2024, yasanduka error. Laputopu yanu yakale inali ndi GCC ya m'mbuyo. Pa intaneti mupeza ena akuti muike -fpermissive kuti idutse, koma musatero, ndi mzere umodzi wokha woti mukonze. Ndipo ndimakondwa kuti anakhwimitsa. atoi amabweza int, ndiye zinkangoyenda mwamwayi. Akanakhala atof, amene amabweza double, compiler yakale ikanaganiza kuti ndi int, ndipo makilogalamu a alimi akanatuluka olakwika pulogalamu ikuyenda ngati palibe vuto.

Mlembi wa ku Limbuli:
Yatheka akuluakulu! malipiro.exe yatuluka, warning palibe. Ndatenga alimi angapo ndawerengera ndi kakyuleta pa mtengo watsopano, zikufanana mpaka pa tambala. Ndatsegulanso pulogalamu ya sikelo, ikuyenda bwinobwino. Zikomo kwambiri achemwali, aphunzitsi, nonse. Mwandipulumutsa pamaso pa komiti.

Achemwali a ku Bvumbwe:
Zikomo achimwene. Lachisanu likadutsa, muchotse mtengowo mu code muuike mu kafayilo ka mtengo.txt, pulogalamu iziwerenga ndi fopen ndi fscanf ikamayamba. Mukatero mtengo ukasinthanso, ngakhale msungichuma atha kuusintha mu Notepad inu kulibe, popanda compiler. Muonetsetse kuti fayiloyo ikasowa pulogalamu iziima n'kunena, isamapitirire ndi mtengo wa 0.

Mlembi wa ku Limbuli:
Ndichita Loweruka. Ndikalemba gawo limenelo ndilitumiza pano mulione ndisanaligwiritse ntchito pa malipiro a mwezi wamawa.