Mega-CD ya abwana yazima, akubwera Lachisanu

Kondwani, Randburg: Akuluakulu ndithandizeni msanga. Pokolopa m'chipinda cha abwana ndinazula mawaya, pobwezera ndasokoneza ma adaputa. Gemu yakale ija ya Sega mbali ya cartridge ikuyaka bwinobwino, koma cham'mbali cholowa CD, cholembedwa Mega-CD II, chili zii. Akubwera Lachisanu.

Bambo a Tadala: Laser yatha imeneyo mphwanga. Zinthu za 1993 izi, diso linafooka kale. Funani laser ya Sony ya KSS-210A. Yatsopano imabwera ndi kadontho ka solder koteteza, mukapanda kukasungunula siiwerenga chimbale.

Amisiri, Bellville: A Tadala mwayankha funso lomwe mwanayu sanafunse. Laser ikafa makina amayakabe, chizindikiro cha Mega-CD chimabwera pa TV, kungoti chimbale sakuchiona. Komanso si zonse zili ndi laser ya Sony, zina muli ya JVC. Kondwani, yamba wachotsa cartridge. Ikakhalamo, Mega Drive, mbali ya cartridge ija, imathamangira gemu ya m'cartridge, za CD siziwoneka.

Kondwani: Ndachotsa. TV ili bii.

Jah Mavuto: Iike mu mpunga usiku wonse kkkk

Amisiri: Adaputa yomwe unalowetsa ija, tiwerengere zolembedwa pamsana pake, mzere wa output.

Kondwani: Palembedwa Nintendo. Output AC 9V.

Mayi Phiri, Leeds: Mayo ine. Ya NES imeneyo, makina a magemu akale a Nintendo. Mutu wake umalowa bwinobwino pa Sega, n'chifukwa yapha makina ambiri. NES imalandira AC n'kuisandutsa DC m'kati mwake. Mega-CD ilibe zimenezo, imafuna DC yokonzeka kale, 9 kapena 10 volts, 1.2A, negative pakati. Adaputa yake ndi ya Sega ya namba 1602, yofanana ndi ya Mega Drive yoyamba. Ya Mega Drive II ya kamutu kachikasu ndi ina, ili ndi positive pakati.

Amisiri: Basi, fyuzi yapsa. Uthokoze, inaikidwira zomwezo.

Watsopano: Moni nonse, ndafika sabata yatha. Alipo akudziwa ganyu ya m'garden cha ku Fourways?

Adimini: Achimwene, munthu ali pamoto inu mukubwera ndi za ganyu? Werengani malamulo a gulu. Za ntchito ndi Lamlungu.

Jah Mavuto: Fyuzi yokha? Kulunga kapepala konyezimira ka m'paketi ya fodya, kwathu wailesi zimayenda choncho zaka teni.

Mayi Phiri: Ndipo zimafa choncho. Ukalumikiza ndi waya kapena kapepalako, tsiku lina adaputa yolakwika ikalowanso chopsa ndi bodi yonse. Kondwani usamvere.

Amisiri: Tamvera ndondomeko. Zula magetsi onse. Kankhira Mega Drive kumanzere ichoke pa connector. Tembenuza Mega-CD, masula masikuluwu apansi ndi screwdriver ya nyenyezi, uwaike m'kapu, jambula chithunzi pa sitepe iliyonse. Chotsa chivundikiro, kenako lata lophimba bodi. Pafupi ndi polowera adaputa funa polembedwa F301. Kawirikawiri ndi kanthu kobiriwira, kokhala ngati resistor, ukhoza kukadutsa osakazindikira. Multimeter uike pa continuity, ugunde miyendo yonse iwiri. Ikalira, fyuzi ili moyo. Ikakhala chete n'kulemba OL, yapita.

Bambo a Tadala: Agule ya 1.5A.

Che Yusufu, Durban: 2.5A akulu. Musamusokoneze.

Bambo a Tadala: Inu za magemu munaziyamba liti Che Yusufu?

Amisiri: Nonse khalani pansi. Awerenge namba yolembedwa pa yakaleyo, agule pico fuse ya namba yomweyo, yopsa msanga, osati slow blow. Agule ziwiri kapena zitatu. Koma asanawotcherere yatsopano ayeze kaye ngati palibe short pakati pa mzere wa 5V ndi ground, apo ayi yatsopanoyo ipsa pompo.

Transporter: Lori inyamuka Loweruka, Joni mpaka Lilongwe kudzera pa Dedza. Mafiriji, mabedi, malata. Inbox.

Adimini: Chenjezo lomaliza.

Jah Mavuto: Mwati Dedza, ine mtima wapita kale. Mbatata yokazinga pa chiwaya, tsabola pambali, kamphepo kaja. Kuno chips chake ngati thonje.

Che Yusufu: Mvula yoyamba ikagwa ngumbi zimatuluka, ife tili kuno kukangana za fyuzi ya mzungu.

Bambo a Tadala: Ndamva kuti kampani ya Sega inatsekedwa kale, zipangizo zake sizipezekanso pa dziko lonse.

Mayi Phiri: Bodza. Anasiya kupanga makina mu 2001, magemu akupangabe. Ndipo fyuzi, regulator ya 7805 yotsitsa magetsi kufika 5V ndi ma capacitor si za Sega, shopu iliyonse ya zipangizo za electronics ili nazo.

Kondwani: Ndabwereka multimeter. Pa F301 siikulira. Pa 5V ndi ground palibe short.

Amisiri: Shapu. Powotcherera usakhalitse chitsulo pa bodi, masekondi atatu akwana, njira zamkuwa zakalamba zimamatuka. Fyuzi ilibe mbali, ulowetse mulimonse. Ukatha, lumikiza adaputa yolondola, uyatse, uyeze pa regulator, mwendo wotulutsa upereke 5V. Pakapanda kanthu, yang'ana transistor Q301 pafupi pomwepo, nayonso imafa ndi adaputa yolakwika. Connector uipukute ndi isopropyl ya 99%, osati sipiriti wofiirira uja, amasiya zoyera.

Bambo a Tadala: Poti watsegula kale, apotokoleko ka screw ka pa laser iwonjezere mphamvu.

Amisiri: Asakhudze! Laser sinalakwe kanthu. Kupotokola mwachisawawa kumaotcha diode, ndiye Lachisanu lidzakhala lowawa zenizeni. Lenzi yokha aipukute mopepuka ndi kathonje ka m'khutu. Poyesa ayambe ndi CD ya nyimbo, ikaimba ndiye aike ya gemu.

Mayi Phiri: China chomwe simunanene. Pa bodi pali batire yozungulira ngati ndalama, ML2016, yowotchereredwa. Ndi imene imasunga ma save, malo ake ndi 8KB basi, ma block 125. Usaichotse, usaigunditse ndi screwdriver, ndipo pa menu ukaona Format usadine. Fyuzi abwana sangaidziwe, koma save ya Sonic CD ikasowa adziwa tsiku lomwelo. Ikadzafa batireyo musaikepo CR2032, makinawa amatchaja batire ndipo CR siitchajidwa. ML2032 ndiye imalowa m'malo.

Che Yusufu: Ukanunkhiza kafungo ngati ka usipa wowola pa bodi, ndi ma capacitor akutayikira. Zimachitika kwambiri pa Mega-CD yoyamba ya thireyi ija, limodzi ndi lamba wa thireyi kutamuka. Zimenezo ndi za abwana, usazitenge ngati mlandu wako.

Jah Mavuto: Usipa mwautchulanso? Anthu inu mundiliza lero.

Kondwani: Yayaka!! Chizindikiro chabwera ndi kanyimbo kake, CD ikuzungulira. Koma sikuluwu imodzi yatsala m'kapu.

Amisiri: Ndi ya pa lata. Tsegulanso. Ukamaliza, mata kapepala pa adaputa iliyonse ulembe dzina la makina ake.

Watsopano: Ndiye za ganyu ija ndidikire Lamlungu?