Hatchi ikusiya mapelete, ikufuna kundiluma ndikamamanga chishalo

Wa ku Ntcheu (Midrand, ku South Africa): Akuluakulu, ndithandizeni nzeru. Mwa mahatchi anayi amene ndimasamala pali yaikazi ya zaka 6, ya mtundu wothamanga wa thoroughbred, inasiya mpikisano wothamanga chaka chatha, pano imalumpha mipiringidzo. Sabata yachitatu ino ikudya monyinyirika. Imangolawa mapelete (chakudya chogula cha timibulu) pang'ono n'kusiya, kenako n'kukaima pakona mutu uli pansi, nthawi zina kupalasa ndi mwendo wakutsogolo. Ubweya wachita mbuu, nthiti zayamba kuwerengeka. Chandiopsa kwambiri n'chakuti ndikamakoka lamba wa chishalo imagonetsa makutu n'kutembenuka kuti indilume, chonsecho ndinkaisambitsa osaimanga n'komwe. Abwana akuti yangoyamba mwano. Ine mtima ukukana.

Wa ku Mangochi (Summerveld): Achimwene, mwaiyeza kutentha kwa thupi? Yambani pamenepo. Kukapitirira madigiri 38.5 ganizirani biliary, matenda a nkhupakupa aja. Tukulani mlomo muone nkhama, ngati zatuwa kapena zachita chikasu itanani dokotala lero lomwe. Mano anapalidwa liti? Nanga mankhwala a njoka za m'mimba?

Wa ku Ntcheu: Ndikuyeza m'mawa uliwonse, sikuchoka pa 37.8. Nkhama zili bwinobwino. Mano anapala miyezi iwiri yapitayo, a njoka inamwanso. Ndowe zake n'zabwino, kungoti zachepa.

Mdala wa ku Dedza (Cape Town): Mphwanga, tandiuza tsiku lake lonse mmene limayendera, kuyambira pomwe umatsegula khola mpaka pomwe umatseka. Usadumphe kanthu.

Wa ku Ntcheu: Amalume, imakwereredwa 6 koloko m'mawa isanadye, akuti isalemedwe. Ikabwera ndimaipatsa mapelete makilo atatu ndi udzu pang'ono. Imatuluka kupadoko (kumpanda wa panja) maola awiri, koma msipu kulibe, ndi fumbi lokhalokha nyengo ino. 5 koloko madzulo makilo atatu enanso ndi neti imodzi ya udzu wa teff. Ndikamadutsa cha m'ma 8 usiku netiyo imakhala itatha. Ndinaiwala kunena, mwezi watha inatsimphina ndipo inamwa bute, mankhwala ochepetsa ululu, masiku khumi.

Mdala wa ku Dedza: Basi, wayankha wekha. Kuyambira 8 usiku mpaka 7 m'mawa ndi maola 11 m'mimba muli gwa. Ife anthu asidi wa m'mimba amachuluka tikamadya, koma hatchi imatulutsa asidi usana ndi usiku, idye isadye, chifukwa inalengedwa kuti izingobudula udzu pafupifupi tsiku lonse. Chomwe chimaziziritsa asidiyo ndi malovu, ndipo malovu ambiri amabwera potafuna. Udzu imautafuna nthawi yaitali, mapelete imangokokota. Ndiye iwe ukuitenga yopanda kanthu m'mimba n'kukaithamangitsa. Ikamathamanga mimba imapanikizika, asidi uja n'kumakhavukira kumtunda. Taganiza chidebe chokhala ndi madzi pang'ono uli nacho pa njinga. Ine ndikubetcha kuti ndi zilonda za m'mimba. Zaka zonse ndagwira m'makola a mpikisano, hatchi yochita zimene wanenazi sinandinamizepo kawirikawiri.

Wa ku Mangochi: Zoona amdala. Aisee, omeprazole wa anthu uja, wochepetsa asidi m'mimba, amapezeka ku famase iliyonse, osangogula n'kusakaniza m'chakudya bwanji? Wa mahatchi mtengo wake ndi woboola m'thumba.

Mayi wothandiza dokotala wa ziweto (Pretoria): Achimwene a ku Mangochi, chonde ayi. Tawerengani nokha. Muyezo wochizira ndi 4 mg pa kilo iliyonse ya thupi, kamodzi patsiku. Hatchi ya makilo 500 ikufunika 2000 mg, omwe ndi makapisozi 100 a 20 mg tsiku lililonse. Komanso mankhwalawa amawonongeka ndi asidi ngati sanatetezedwe, ndiye mukawaphwanya kapena hatchi ikawatafuna mwataya ndalama. Phala la omeprazole la mahatchi, monga GastroGard, analikonza kuti lipirire asidi.

Koma ndibwerere kwa achimwene a ku Ntcheu. Zomwe anena amdala n'zomveka, ndipo inenso ndikukayikira zomwezo. Kungoti zizindikiro zokha sizitsimikiza. Kuluma pomanga lamba kumabweranso ndi msana wopweteka kapena chishalo chosakhala bwino. Njira yodziwira ndi gastroscope, paipi ya mamita atatu yokhala ndi kamera, imalowa pamphuno mpaka m'mimba hatchi itabayidwa jakisoni wofooketsa. Hatchiyo imagona ndi njala usiku wonse, maola 12 mpaka 16 monga anganenere dokotala, ndipo muimange chotseka pakamwa chifukwa ina imadya utuchi wogonapo.

Chifukwa chomwe ndimalimbikira kamera n'chakuti chifu cha hatchi chili ndi zigawo ziwiri. Chakumtunda n'chotuwira, chilibe chodzitetezera ku asidi, ndipo zilonda zambiri zimandanda m'mphepete mwa mzere wolekanitsa zigawozi, wotchedwa margo plicatus. Zimenezo omeprazole amazipoletsa bwino, nthawi zambiri m'masiku 28. Chakumunsi n'chofiirira, chimene chimapanga asidi, ndipo chili ndi mamina ochiteteza. Zilonda za kumeneko, makamaka pafupi ndi potulukira chakudya, n'zamakani. Omeprazole yekha sakwanira kawirikawiri, dokotala amawonjeza mankhwala a sucralfate kapena kusinthira ku ena otchedwa misoprostol, ndipo zimatenga nthawi yotalikirapo. Bute uja amafooketsa chitetezo cha mbali yakumunsiyi, n'chifukwa chake nkhani ya masiku khumi ija muinene kwa dokotala.

Misoprostol akalembedwa, mayi woyembekezera asamugwire n'komwe, amachotsa mimba. Izi muwauze anzanu onse pakhola.

Wa ku Ntcheu: Mayi, zikomo, ndamva. Vuto langa tsopano ndi abwana. Ine ndine wopala ndowe chabe, ndikakanena kuti kadyetsedwe kathu ndi komwe kakudwalitsa hatchi, aziti ndikuwaphunzitsa ntchito. Ulendo wina ndinanenapo za chiboda cha hatchi ina, anandiyankha kuti ndinaphunzira kuti udokotala.

Mdala wa ku Dedza: Usakanene dzina la matenda. Tenga kope, lemba masiku asanu: yapatsidwa makilo angati, yasiya angati, neti yatha nthawi yanji, kutentha kwa thupi. Zotsala m'mbale uziyeza pa sikelo. Jambula pafoni pomwe ukumanga lamba. Ukatero uwaonetse n'kufunsa kuti, bwana, dokotala akamabwera kudzabaya katemera sangaionekonso iyi? Mawu akuti zilonda atuluke pakamwa pa dokotala. Pakali pano pali zomwe zili m'manja mwako zosafuna chilolezo chachikulu. Udzu womwewo uugawe, neti ina uikoleke 9 kapena 10 usiku. Ukapeza neti ya timabowo ting'onoting'ono, kapena kuvekerera maneti awiri, imatha mochedwa. Ndipo isanakwereredwe uipatse lucerne (msipu wa masamba wa gulu la nyemba) wodzaza manja awiri atatu, mphindi 30 zisanakwane zoti ituluke. Amayala pamwamba pa asidi kuti asakhavuke, komanso ali ndi calcium wambiri amene amachepetsa ukali wake.

Mayi wothandiza dokotala: Ndiwonjezere pa udzu. Patsiku isachepere 1.5 peresenti ya kulemera kwa thupi, kutanthauza makilo 7.5 kwa hatchi ya makilo 500, ndipo ndi bwino kupitirirako poti udzu wouma umakhalabe ndi kachinyontho. Yezani neti yanuyo, ambiri amadabwa kupeza makilo atatu okha. Makilo atatu a mapelete nthawi imodzi achuluka, agaweni katatu kapena kanayi. Madzi asasowe usiku. Koma ikayamba kugubuduka, kutuluka thukuta kapena kudziyang'ana m'nthiti mosalekeza, imeneyo ndi koliki, kupotokola kwa m'mimba, musadikire kope, imbani foni.

Wa ku Zomba: Ine ndili kumudzi konkuno, ndimasamala mahatchi oyendetsa alendo. Athu amakhala kubusa tsiku lonse ndipo vutoli sitiliona pafupipafupi. Limabwera m'chilimwe udzu ukapsa, tikayamba kudalira madeya. Hatchi imodzi inkachita ngati yanuyo, kukukuta mano ikangodya. Tinachepetsa madeya, tinamweta udzu wa kudambo n'kuuunjika m'khola usiku, inasintha.

Wa ku Ntcheu: Ndabweranso akuluakulu, papita masiku 12. Ndinachita za kope zija. Neti nditaiyeza inali makilo atatu ndi theka basi. Abwana ataona vidiyo anakhala chete, mawa lake anaitana dokotala okha. Dzulo analowetsa kamera, ine ndi amene ndinagwira mutu, ndipo ndinaona ndi maso anga pa sikirini. Kumtunda kotuwa kuja kuli zilonda zofiira zondandana m'mphepete mwa mzere, zina zakuya, dokotala anati giredi 3 pa 4. Kumunsi kuli bwino. Alemba omeprazole masiku 28, kenako kamera kachiwiri asanaganize zochepetsa. Funso langa: akuti ndizipereka m'mimba mulibe kanthu, pomwe inu munati isamakhale ndi njala. Ndichite bwanji?

Mayi wothandiza dokotala: Zonse ziwiri n'zoona. Omeprazole amalowa bwino m'thupi m'mimba mukakhala mopepuka, udzu ukadzaza amalowa wochepa. Ndiye pa masiku 28 amenewa neti yausiku ikhale yoti izitha yokha m'bandakucha. Mukafika m'mawa, chinthu choyamba ndi mankhwala, musanagwedeze chidebe chilichonse. Ikani sirinji pakona pa mlomo, finyirani kumbuyo kwa lilime, tukulani mutu pang'ono mpaka imeze. Dikirani mphindi 30 mpaka ola, kenako lucerne ndi udzu, kukwera pambuyo. Ikayamba kudya bwino sabata yoyamba musasiye mankhwala, chilakolako chimabwerera zilonda zisanapole.

Mdala wa ku Dedza: Ndipo mahatchi atatu enawo, mphwanga, akugona ndi neti yofanana ndi imeneyo? Kawayezere nawonso usiku uno.

Wa ku Ntcheu: Ndayeza kale amalume, onse ndi chimodzimodzi. Abwana avomera neti yachiwiri kwa onse, ndizikoleka 9 koloko ndisanakagone.