Kodi a Müller onsewa ndi a mfunda umodzi?

NaPhiri wa ku Dedza:
Abale, ndithandizeni maganizo. Mwana wanga wamkazi ali ku Freiburg, m'dziko la Germany, kumene akuphunzira unamwino, ndipo mnyamata wina wakomweko wamufunsira banja. Dzina la bambo ake ndi Müller. Dzulo pa foni mwanayu wandiuza kuti mayi a mnyamatayo nawonso anabadwira ku banja la a Müller. Mtima unangoti phwii. Agogo anga ankanenetsa kuti Phiri sakwatira Phiri. Tsono achimwene anga, amene adzakhale ankhoswe, akuti ndifufuze kaye: kodi makolo a mnyamatayu si pachibale? Nanga dzinali limatanthauza chiyani?

Wa ku Mannheim:
Mayi, mtima pansi. Ndakhala kuno zaka 9, ndipo pa nyumba yathu yokha mabokosi awiri a makalata alembedwa Müller, koma eni ake sadziwana n'komwe. Dzinali si mfunda ayi, ndi dzina la ntchito. Müller ndi munthu wa pachigayo.

Anthu kuno anayamba kukhala ndi mayina a banja cha m'zaka za m'ma 1100, kuyambira m'mizinda. A Hans ndi a Heinrich atachuluka, ankawasiyanitsa ndi ntchito zawo: Hans wa kuchigayo, Hans wosula. Zigayo zake zinali zoyendera madzi a mumtsinje kapena mphepo, zogaya tirigu ndi rayi (mbewu yofanana ndi tirigu), ndipo zinali ponseponse. M'madera ambiri mlimi sankaloledwa kukagayitsa kumene wafuna, ankayenera kupita ku chigayo chimene mwini dziko wamuikira. Ku Prussia, umodzi mwa maufumu akale a ku Germany, lamulo limeneli linatha mu 1810. Ndiye taganizani, mudzi uno uli ndi wachigayo wake, kutsidya ulinso ndi wake, onse akutchedwa Müller popanda magazi amodzi. Lero ndi dzina lofala kuposa onse ku Germany, anthu ake ndi pafupifupi 700,000. Lachiwiri ndi Schmidt, wosula zitsulo, kenako Schneider, telala.

Chemwali Nabanda:
Ndiwonjezere za kalembedwe, chifukwa mudzakumana nazo pa zikalata za ukwati. Timadontho tiwiri pa u timeneto ndi tofunika. Pamene palibe polemba timadontho, amalemba Mueller, monga m'mizere ya m'munsi mwa pasipoti, koma munthu ndi yemweyo. Kumpoto kwa dzikolo mudzapeza a Möller, tanthauzo lake ndi lomwelo. Potchula, songolani milomo ngati mukuimba mluzu, kenako nenani "i".

Bambo a Chisomo:
Anthu a mpira tikudziwa zimenezi. Gerd Müller, amene anagoletsa chigoli chopambanira mu fainolo ya mpikisano wa dziko lonse wa World Cup mu 1974, ndi Thomas Müller, amene anamwetsa zigoli 5 pa mpikisano womwewo ku South Africa mu 2010, onse anasewerera Bayern Munich koma sanali pachibale.

NaPhiri wa ku Dedza:
Zikomo nonse, usiku uno ndigona. Bambo anga malemu anagwira ntchito pachigayo ku Linthipe zaka zambiri, ankabwera madzulo atayera ufa mpaka m'nsidze. Sindinkadziwa kuti mdzukulu wawo adzakwatiwa ku banja la a chigayo. Achimwene ndawawerengera zonsezi, koma akuti adzafunsabe kuti agogo a mbali ziwirizo anachokera midzi iti.